Buku lakwathu limafika bwanji pa shelefu?

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya ife oyang'anira malaibulale ndi kudinda chidindo pa buku, kulemba tsiku lobweza ndi kuletsa phokoso. Ndiye akamva kuti ku laibulale kwabwera alakatuli, olemba mabuku ndi agogo ofotokoza nthano, amafunsa ngati nyumba yowerengeramo yasanduka bwalo la zisangalalo. Ayi ndithu. Tsiku limene mlembi wa m'dera lathu amaima pakati pa mashelefu n'kuwerengera anthu zimene analemba ndi gawo la ntchito yathu yeniyeni, ndipo m'madera ambiri ndi khomo lokhalo limene buku lakwathu lingalowere mu laibulale.

Kuti mumvetse, tiyambe ndi komwe mabuku athu amachokera. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, ndipo lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma angapo. Koma ndalama zogulira mabuku atsopano zimaperewera chaka ndi chaka, choncho mabuku ambiri amene mumawaona ndi mphatso zochokera kunja, kudzera m'mabungwe ngati Book Aid International la ku Britain. Mphatso zimenezi sitizinyoza. Buku lofotokoza za mphamvu yamagetsi limene William Kamkwamba analipeza m'kalaibulale ka ku Wimbe ku Kasungu, n'kupanga nalo makina amphepo, linachokera ku America. Komabe m'makatoni ochokera kutsidya kwa nyanja simungapezemo Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, Njala Bwana la Willie Zingani kapena ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga. Mabuku amphatso ali ngati chimanga chathandizo: chimapulumutsa pa njala, koma nkhokwe ya pakhomo imadzadza ndi zolima wekha.

Nanga osindikiza akuno? Nawonso amayang'ana msika, ndipo msika wodalirika ndi wa mabuku a pasilabasi. Mlembi amene buku lake silinasankhidwe kuti ana alembere mayeso amadzisindikizira yekha mabuku ochepa ndi ndalama za m'thumba mwake. Akakwanitsa, amachititsa mwambo wokhazikitsa bukulo ku hotela, akuluakulu n'kupikisana kugula buku loyamba pamtengo wokwera. Otsalawo amayenda nawo m'chikwama, kugulitsa m'maofesi ndi kutchalitchi. Pakatha chaka bukulo silipezekanso paliponse, ndipo mwana wa m'dera lomwelo amakula osadziwa kuti pafupi ndi kwawo pali munthu wolemba mabuku.

Ngakhale dongosolo limene timasanjira mabuku silinapangidwe moganizira ife. Malaibulale ambiri amatsata manambala a Dewey, omwe anayamba ku America mu 1876. M'dongosolo limenelo zolemba za Chingerezi zili ndi malo kuyambira 820 mpaka 829, za Chijeremani zimayambira pa 830, za Chifalansa pa 840, pomwe zolemba za m'zinenero zambirimbiri za mu Africa zinapanikizidwa pa nambala imodzi, 896. N'chifukwa chake timapatula shelefu ya mabuku onena za Malawi ndi olembedwa ndi Amalawi, imene pantchito timaitchula kuti Malawiana. Shelefu imeneyi sidzadza yokha. Woyang'anira laibulale akangokhala pampando kudikira, imakhala ndi malipoti akale a boma ndi fumbi basi.

Tikaiyang'anitsitsa shelefuyi timaonanso amene akusowapo, ndipo kusowa kwawo kuli ndi mbiri yake. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'zosindikiza za boma. Chaka chomwecho panabwera lamulo lokhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku. Jack Mapanje, mlembi wa Of Chameleons and Gods, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Amayi nawo anachedwa kupeza mpata: Samuel Ntara anatulutsa Nthondo mu 1933, koma panapita zaka zoposa 50 kuti Walije Gondwe atulutse Love's Dilemma mu 1985, buku limene limadziwika kuti ndi nthano yaitali yoyamba kusindikizidwa ya mayi wa ku Malawi. Lero palibe womangidwa chifukwa cholemba m'Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga kapena Chingonde, koma mabuku a m'zinenero zimenezi akadali owerengeka. Onjezanipo anthu osaona, anthu osamva, anzathu achialubino, othawa nkhondo kwawo, ndi agogo amene mutu wawo ndi wodzadza ndi nkhani koma sanagwirepo cholembera. Onsewa ali ndi zonena, koma njira yopita kwa wosindikiza siwadutsira pakhomo.

Tsono tikamakonza tsiku la alembi, timayambira pa funso lakuti ndani amene sitinamumvepo. Mayina sitiwapeza mu ofesi. Timafunsa aphunzitsi a Chichewa m'sukulu zoyandikana nafe, atsogoleri a magulu a amayi, mafumu, a wailesi za m'madera, a bungwe la alembi la Malawi Writers Union ndi mabungwe a anthu aulumali. Tikawapeza, zotsalazo ndi tinthu ting'onoting'ono timene timachititsa kuti munthu abwere kapena atsale. Mwambo timauika masana, kuti mayi abwerere kunyumba kukadali kowala. Pakhomo salipiritsa. Ngati polowera pali masitepe olepheretsa njinga ya munthu waulumali, timatulutsa mipando n'kukachitira panja pamthunzi. Timapeza womasulira m'chinenero chamanja. Mlembi amawerenga m'chinenero chimene analembera, wina n'kumasulira ngati pakufunika kutero. Zolankhula za alendo olemekezeka timazifupikitsa, chifukwa nthawi ndi ya mlembi ndi omvera ake. Ana timawayalira mphasa kutsogolo. Pambali timaika tebulo loti mlembi agulitsirepo mabuku ake, ndipo ndalama yonse ndi yake.

Pa zochitika zotere ndaonapo mayi wogulitsa tomato pamsika atatulutsa kope la ana asukulu lokutidwa ndi pepala la nyuzipepala. Poyamba mawu ankanjenjemera, maso ali pakope. Atafika pa ndime yonena za mmene abale a malemu mwamuna wake anamulandira katundu, amayi amene anakhala kumbuyo anayamba kuvomera ndi mitu, wina n'kuimba nthungululu. Atamaliza, mtsikana wa sekondale anaimika dzanja n'kufunsa kuti, "Amayi, kodi mumalemba nthawi yanji?" Iwo anayankha kuti amalemba m'bandakucha, asanapite kokaoda. Mwana amene wamva yankho lotero sangaganizenso kuti mabuku amalembedwa ndi azungu kapena maprofesa okhaokha. Ndipo ndaona kawirikawiri kuti buku limene mwini wake anabwera kudzaliwerenga silikhalitsa pa shelefu, obwereka amachita kulandizana.

Amene salemba nawonso ali ndi malo awo. Kuyambira mu 2012, National Library Service mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno inayendera maboma osiyanasiyana kujambula nthano kuchokera pakamwa pa akuluakulu, m'zinenero zawo, ndipo ana akhala akusonkhana ku laibulale ya ku Lilongwe kudzamvera nthano. Laibulale ya m'dera ingachite zomwezo ndi foni yam'manja. Chofunika ndi kupempha chilolezo cha wofotokozayo, kumuuza komwe mawu ake akasungidwe, ndi kulemba dzina lake, mudzi wake, chinenero ndi tsiku. Popanda zimenezi, ofufuza a mawa sadzadziwa kuti nthanoyo ndi ya ayani. Za anthu osaona, pangano la ku Marrakesh la mu 2013, limene Malawi analowamo mu 2017, limalola kuti buku lisinthidwe kukhala la zilembo za Braille kapena la mawu ojambulidwa kuti nawonso aliwerenge. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, chikondwerero cha Tumaini chimene anayambitsa mlakatuli wochokera ku Congo, Menes La Plume, mu 2014, chaonetsa kuti mumsasa wa othawa kwawo muli alakatuli ndi oimba ochuluka. Zolemba zawo zabadwira panthaka ya Malawi, choncho malo ake ndi pa shelefu yathu ya Malawiana.

Ntchito imene anthu saiona imayamba mipando ikabwezedwa. Mlembi aliyense timamupempha kuti atisiyire mabuku awiri, limodzi lobwereketsa, lina losatuluka. Buku lililonse timalilemba m'kaundula, kulipatsa nambala yake, kulidinda, kulemba dzina la mlembi, mutu, chaka ndi nkhani yake mu katalogi, kumata nambala pamsana pake ndi kulikuta kuti lisang'ambike msanga. Kuyambira pamenepo, munthu amene sanamuonepo mlembiyo angathe kulipeza ngakhale patapita zaka 30. Timamulangizanso mlembi zinthu ziwiri zimene ambiri odzisindikizira sazidziwa. Choyamba ndi ISBN, nambala ya manambala 13 imene imazindikiritsa buku padziko lonse, ndipo kuno imaperekedwa ndi a National Archives ku Zomba. Chachiwiri n'chakuti lamulo limafuna kuti buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno likasungidwenso komweko ku Zomba. Moto umene unatentha laibulale ya Mzuzu University mu December 2015 unatiphunzitsa kuti buku losungidwa malo amodzi lingathe usiku umodzi. Buku likakhala ku Zomba, ku laibulale ya kwanu ndi kusukulu ya m'mudzi mwanu, ndiye kuti lapulumuka.

Zonsezi sizifuna ndalama zankhaninkhani. Zimafuna mipando, thiransipoti ya mlembi ndi womasulira, ndi kandalama kogulira mabuku angapo, chifukwa si bwino kuti mlembi wosauka azingopemphedwa zaulere. Makhonsolo ndi aphungu akamagawa ndalama zachitukuko akumbukire kuti laibulale imafunanso mabuku a anthu a m'dera lomwelo. Aphunzitsi, bwerani ndi ana anu. Inu amene muli ndi kope la ndakatulo pansi pa matiresi, kapena agogo odziwa mbiri ya mudzi wanu, musadikire kuitanidwa. Pitani ku laibulale imene muli nayo pafupi, mukafunse woyang'anira kuti tsiku la alembi lidzakhalako liti. Ngati kulibe, mukamuuze kuti inu ndinu wokonzeka kukhala woyamba.