Mwana wamkazi wa ku Tsangano angafike pa udokotala

TSANGANO — Mayi wodwala akafika pachipatala chaching'ono kuno kumalire, womulandira nthawi zambiri amakhala namwino wamkazi. Koma kwa zaka 40 chilandirire ufulu mu 1975, mpando wa nduna ya zaumoyo ku Maputo unkakhalidwa ndi amuna okhaokha.

Zidasintha mu 2015, pamene Dr. Nazira Abdula, dokotala wa ana yemwe adaphunzira pa Universidade Eduardo Mondlane, adasankhidwa kukhala nduna. Adagwira ntchitoyi mpaka 2020. Kutsidya kwa malire, Pulofesa Address Malata, amene adayamba ngati namwino, adapatsidwa utsogoleri wa yunivesite ya MUST ku Thyolo mu 2016.

Nanga ife a ku Tsangano ndi Macanga? Udokotala tsopano umaphunzitsidwa mumzinda wa Tete momwe, pa Universidade Zambeze. Maputo si yokha ayi.

Vuto lili kumudzi. Mbatatesi ikakhwima, mwana wamkazi ndiye woyamba kuchotsedwa m'kalasi kukakumba, kenaka ankhoswe afika. Makolo, dziwani kuti lamulo la 2019 limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo wopereka mwanayo angathe kumangidwa.