Maqam ndi njira ya kudambo

Munthu amene anakulira pa kiyibodi ya kutchalitchi akamva nyimbo za Aluya koyamba amayesa woimbayo waphonya mawu. Khutu lake ndi labwinobwino, kungoti linazolowera msewu wa tala, pomwe anzathuwa amadzera njira ya kudambo.

Pa kiyibodi, kuchokera pa do kukafika pa do wapamwamba pali masitepe 12, ndipo pakati pa mabatani awiri oyandikana chala chilibe poponda. Aluya amaponda pakatipo. Akatswiri awo, monga Mikhail Mishaqa wa ku Lebanon m'zaka za m'ma 1800, anagawa mtunda womwewo pa 24. Oud wa masiku ano, chida cha zingwe chokhala ndi mimba ngati chipanda, alibe tizitsulo topingasa tija ta pakhosi pa gitala, choncho chala chimatsetsereka mpaka chitapeza pamene mtima ukufuna.

Njira ya kudambo ili ndi mwambo wake. Aliyense pamudzi amadziwa pamene imayambira, mkuyu umene amayi amatulirapo ndowa kuti apume, ndi pamene imakathera. Maqam, njira ya kaimbidwe ka Aluya, ndi chimodzimodzi: ali ndi liwu loyambira, mawu opumirapo, ndi liwu lobwererako. Njirazi n'zambiri ndipo iliyonse ili ndi mtima wake. Rast ndi wolemekezeka, Bayati ndi wa tsiku ndi tsiku, Saba ngwachisoni ngati wanamfedwa. Hijaz mwina munamumvapo osadziwa, poti oitanira mapemphero m'mizikiti yambiri amakonda kudzera momwemo.

Koma kukoma kwenikweni kuli pa kupatuka. Woimba waluso amasiya njira n'kulowa m'tchire ngati mwana wotola masuku, kukagwera njira ya mudzi wina, omvera mitima ili m'mwamba kuti abwerera bwanji. Kupeka pompopompo kumeneku, pa chida, amati taqsim. Akatulukiranso pa mkuyu uja, holo yonse imafuula kuti Allah! Kutengeka mtima kotero ndiko tarab, ndipo dzina la nyimbo za taarab za ku Zanzibar linachokera pomwepa. Umm Kulthum wa ku Egypt, amene anamwalira mu 1975, ankatha ola lathunthu pa nyimbo imodzi, kubwereza mzere womwewo koma ulendo uliwonse n'kuukhotetsa mwina. Usiku wa Lachinayi loyamba pamwezi, anthu kuchokera ku Morocco mpaka ku Iraq ankaunjikana pa wailesi kumumvera.

Njirazi anazipondaponda kalekale. Woimba Ziryab anachoka ku Baghdad n'kukafika ku Córdoba mu 822 atanyamula kaimbidweka, ndipo al-Farabi analemba buku lalikulu la nyimbo m'zaka za m'ma 900. Ngakhale lute wa Azungu dzina lake n'la oud yemweyu.

Mu 1932 Mfumu Fuad I ya ku Egypt inaitanitsa msonkhano wa nyimbo ku Cairo, kumene kunabweranso opeka nyimbo a ku Ulaya Béla Bartók ndi Paul Hindemith. Ena ankafuna kuthira tala, kunena kuti masitepe 24 aja akhale ofanana ndendende, piyano alowe m'gulu. Ine ndikanakhalapo ndikanakana, chifukwa liwu lapakati lija woimba wa ku Aleppo saliponda pamene wa ku Cairo amaliponda, ndipo aliyense amati pake ndiye polondola. Sanamvane. Chimene chinatheka n'chakuti anajambula pa mbale magulu ochokera ku Iraq, Syria, Tunisia, Algeria ndi Morocco, lililonse likuimba monga limaimbira kwawo.