Agogo Akayamba Kuiwala: Thandizo kwa Owasamalira

Okalamba akayamba kuiwala maina a ana ao, kusocera pa njira imene anazolowera kapena kuyendayenda usiku, ambiri amafulumira kunena za ufiti. Kawirikawiri amakhala matenda a muubongo ochedwa dementia.

Yambirani ku kiliniki yapafupi. Kumeneko angakutumizeni ku cipatala cacikulu, ngakhale ku Chainama Hills ku Lusaka. Ndalama zikavuta, kafunseni za Social Cash Transfer ku ofesi ya Social Welfare m'boma lanu. Anthu akayamba kuwaopseza agogowo, pitani ku Victim Support Unit ya polisi, pakuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu muno m'Zambia.

Koma inunso wosamalira mumalema. Musacite manyazi kuuza abusa kapena amai a mumpingo kuti wina azibwera kudzakhala ndi agogo, inu mupiteko ku msika kapena mugoneko tulo.