Mafuta a mfuti akakhuthala ngati uchi, tiwadzutse kapena tiwataye?

Lero ndikuyankhula ndili m'galaja kuno ku Indiana, ndiye mukamva kaphokoso ka hita musadabwe, kunja kukuzizira koopsa. Patebulo pano pali kachitini kakale ka mafuta opukutira mfuti, ndipo kachitini kameneka kanandichititsa manyazi pamaso pa apongozi anga.

Apongozi angawo ndi mlenje. Kuno nyengo yosaka agwape ndi mfuti imayamba pakati pa Novembala, ndipo chaka chatha anati tipitire limodzi. Mu Seputembala anandipatsa ntchito yopukuta mfuti yawo yakale. Pashelefu ndinapeza kachitini aka, mafuta ake atakhuthala moti samatuluka n'komwe. Ine mwana wa pa Ndirande, wokulira m'nyumba yosataya ngakhale botolo la Sobo, ndinati awa sangatayidwe. Ndinathiramo palafini, kukhutchumula, mafuta aja n'kupepuka bwinobwino. Ndinapaka paliponse, mpaka kudonthezera mkati momwe mumayenda firing pin, kachitsulo kamene kamamenya kumbuyo kwa chipolopolo kuti chiphulike.

Tsiku losaka kunali madigiri 6 pansi pa ziro. Gwape anatulukira, apongozi n'kukoka tiriga. Inangoti ka! Basi. Anadikira masekondi 30 mfuti ikulozabe kutsogolo, chifukwa chipolopolo china chimachedwa kuphulika, ndipo ukafulumira kutsegula chingakuphulikire kumaso. Atachitulutsa, chinali ndi kachizindikiro kosaoneka bwino, kusonyeza kuti kachitsulo kaja kanangochikhudza. Kunyumba titamasula, tinapeza sipuling'i yonse itamatirira zinthu zofiirira ngati ulimbo. Anangondiyang'ana n'kuti, "Mwana wanga, unathira chiyani umu?"

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mafuta sakhuthala pa chifukwa chimodzi. Nthawi zina ndi kuzizira chabe. Amene mumadzola mafuta a kokonati mukudziwa, kukazizira pang'ono amaundana, mukawafunditsa amasungunuka, palibe chawonongeka. Enanso, makamaka akale a mtundu wa CLP, ali ndi tizidutswa ta Teflon timene timadikha pansi, n'chifukwa chake pabotolo amalemba kuti mukhutchumule kaye. Zimenezi si vuto.

Nthawi zina n'chifukwa chakuti mafuta ambiri a mfuti ndi osakaniza: muli mafuta enieni oterera, ndiye muli mankhwala opepuka osungunula litsiro. Chitsekero chikakhala chosamanga bwino kwa zaka, opepukawo amauluka, n'kutsala olemera okha. Otsalawo akadali mafuta abwino, angosowa chowapepula.

Koma pali kukhuthala kwina kumene sikubwerera, ndipo n'kumene kunandipweteka ine. Mpweya wa okosijeni ukalowa, pang'ono ndi pang'ono umagwirizanitsa tizigawo ta mafuta kukhala maunyolo ataliatali. Taonani pakamwa pa botolo la mafuta ophikira limene lakhalitsa pafupi ndi sitovu, paja pamamatamata, ngakhale sopo amavutika kuchotsa, eti? Ndi zomwezo. Penti ya mafuta imauma mwa njira yomweyo. Amene munapakapo mafuta ophikira pa tcheni cha njinga kapena pa makina osokera a mayi, munaona chimene chimachitika pakatha miyezi ingapo. Mafuta ochokera ku zomera amachita zimenezi msanga, ochokera ku petulo amachedwa, koma kachitini kakatentha chilimwe ndi chilimwe m'galaja kwa zaka 20, nawonso amafika. Palafini amasungunula ulimbo umenewu kwa kanthawi, ndiye umaoneka ngati wachira. Palafiniyo akauluka, ulimbo uja umatsala pomwe munaupaka. Ine ndinaupititsa ndekha malo amene chala sichifika, chisanu n'kudzamaliza ntchito.

Ndiye mungasiyanitse bwanji? Yambani ndi mphuno ndi maso. Akamanunkha ngati penti yakale kapena mtedza wovunda, akada, kapena mukakhudza n'kutanyula zala akuchita tiulusi, musavutike nawo. Ngati akuoneka oyera bwino, masulani chitsekero pang'ono, muimike botololo m'beseni la madzi ofunda, ofunda oti dzanja likupirira, kwa mphindi 15. Osati pamoto, osati mu microwave, ndipo chitini chopopera musachitenthetse mwa njira ina iliyonse, chimaphulika. Kenako mangani chitsekero mukhutchumule kwambiri. Akazizira n'kukhalabe opepuka, mwatha.

Akakhuthalanso, tsanulirani pang'ono m'kabotolo kagalasi, mudonthezemo mineral spirits, amene a ku Britain mumawadziwa kuti white spirit. Madontho ochepa, kuvundula, kuona, kenako ena. Petulo ayi. Acetone ayinso, amadya vanishi ya thabwa la mfuti ndi mapulasitiki ena. Sefani ndi kapepala kosefera khofi kuti zinyalala zitsale.

Apa ndi pamene ine ndinalumpha: kuyesa. Donthezani pa galasi loyera, mupake mopyapyala, musiye masiku atatu malo opita mphepo kuti mwathira muja muuluke. Mukabwerako khudzani. Chala chikaterera, mafutawo ndi amoyo. Chikamata ngakhale pang'ono, ndi ulimbo. Ngati mumasaka kozizira, kabotolo kaja katsekeni bwino, kakulungeni m'pulasitiki, kagone mufiriza usiku umodzi kutali ndi zakudya. Mufiriza mumakhala pafupifupi madigiri 18 pansi pa ziro. M'mawa mupendeke, muone ngati akuyenda.

Ngakhale apambane mayeso onsewa, ine maganizo anga ndi akuti mafuta odzutsidwa asalowe mkati mwa mfuti. Muli mankhwala ena oteteza dzimbiri amene amatha mphamvu ndi nthawi, ndipo diso silingaone. Pukutirani kunja kwa chitsulo, mahinjesi a chitseko, sizasi ya m'munda. Ku tiriga ndi ku firing pin gulani atsopano, kabotolo kakang'ono sikafika madola 15, ndiponso kumeneko kumafuna mafuta ochepetsetsa, kungonyowetsa. Tiriga yomata si nkhani yongophonya gwape, imatha kulephera kugwira bwino, mfuti n'kulira pamene simunafune. Makampani ena ndi akalekale, Hoppe's No. 9 inayamba 1903, Ballistol ya ku Germany 1904, koma ukalamba wa dzina sutanthauza kuti botolo la pashelefu ya agogo lidakali bwino.

Musanayambe chilichonse, onetsetsani kawiri kuti mfuti ilibe chipolopolo, ndipo zipolopolo zikhale chipinda china, pakuti mafuta akalowa m'chipolopolo amatha kuchipha. Inu amene muli kuno ku America pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, dziwani kuti lamulo la boma lalikulu limakuletsani kukhala ndi mfuti, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira. Fufuzani kaye musanagwire ya mnzanu.

Otayidwawo musathire musinki. Maboma aang'ono ambiri kuno ali ndi malo kapena masiku olandirira mankhwala oopsa a pakhomo, ndipo kachitini kangaka kakupita kumeneko Loweruka. Chenjeraninso ndi nsanza. M'bokosi la mlenje mumakhalanso mafuta a linseed opaka thabwa, ndipo nsanza zake mukaziunjika zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi, kapena zivikeni m'chitini cha madzi chotseka.

Mfuti ya apongozi tinaitsuka ndi mineral spirits ndi mswachi wakale, inatitengera madzulo onse. Chaka chino andiitananso, koma ati yopukuta apukuta okha, ine ndidzanyamule fulasiki ya tiyi.