Tisanafunse ena za kugonana, tiyambe tadzifunsa tokha

Ambiri mwa inu mudationapo ife alangizi a zaumoyo tikuyenda m'midzi ndi mapepala a kafukufuku. Timakhala pansi ndi wachinyamata n'kumufunsa: "Kodi udagonanapo ndi munthu? Anthu angati? Mudagwiritsa ntchito kondomu?" Mayankho amenewa ndiwo amasonyeza madera omwe akufunika makondomu ndi malo oyezetsera magazi. Akakhala abodza, chithandizo chimasochera.

Tsiku lina mtsikana wa Folomu 2 adatiuza kuti adakhalapo ndi zibwenzi zitatu. Mmodzi mwa ife adangoti "Ii!" cholembera chili m'mwamba. Basi. Mafunso otsatira mtsikanayo ankangoyankha kuti "ayi" kapena "kaya", maso ali pansi. Madzulo tidagwirizana kuti atsikana a kuno ngamanyazi. Chala sichiloza mwini! Adamutseka pakamwa ndife.

Nafenso tidakulira komwe kuno. Zomwe tidamva kumpingo ndi kuchinamwali sitizisiya pakhomo tikamapita kuntchito. Mnyamata akatchula zibwenzi zitatu timamwetulira, pamene akatero mtsikana nkhope imagwa. Mwina manyazi amatigwira ife eni ake, n'kumazembera mawu akuti "kugonana" pofunsa za "kukhala malo amodzi", ndipo wina samva chomwe tikutanthauza. Komanso wachinyamatayo amadziwa kuti mayi ake timakumana nawo kusikelo.

Vutoli si lathu lokha. Mu 1998 akatswiri adayamba kafukufuku m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka, pomwe ankafunsanso za Edzi. Mu 1999 mmodzi mwa iwo, Susan Watkins, adapempha anthu ena akumudzi kuti azilemba m'makope nkhani za Edzi zomwe amamva pamsika, pachitsime ndi m'minibasi. Makopewo adasonyeza kuti anthu amakambirana za matendawa momasuka kwambiri pakati pawo, mosiyana ndi momwe ambiri ankaganizira kuti Amalawi ali chete pa nkhaniyi.

Ife tsopano tili ndi kakope kathu. Tikaweruka aliyense amalembamo yankho lomwe lidamudzidzimutsa ndi funso lomwe adalithamangira, kenaka timakambirana popanda kutchula dzina la munthu. Mtsikana amafunsidwa ndi mkazi mnzake, ndipo wachibale timamusiyira wina.

Inu a m'makalabu amene mumalangiza anzanu, tayesani izi pamsonkhano wotsatira: khalani awiriawiri, wina afunse mafunso aja mokweza, winayo ayankhe zongopeka uku akuyang'ana nkhope ya wofunsayo. Pomaliza amuuze zomwe waona.