Mphini Zimakalamba Pamodzi ndi Mwini Wake

Mnyamata kapena mtsikana akangotsiriza sukulu, mtima umamuuza kuti tsopano wakula ndipo thupi ndi lake. Ambiri pa msinkhu umenewu amalakalaka kulembedwa chithunzi kapena dzina pakhungu, mphini zamakono zimene Angerezi amazitcha tattoo. Koma wosankha mphinizo ali ndi zaka 19, pamene wodzayenda nazo kufikira kumanda ndi nkhalamba imene sinafunsidwe maganizo. Nchifukwa chake nkwanzeru kuyamba wadziwa chimene zaka zimachita pa chithunzi cha pakhungu.

Mwambowu si wachilendo konse. Amayi ambiri akale kumidzi ya Achewa adali kutema mphini kumaso, pachifuwa ndi pamimba kuti akongole, ndipo asing'anga amatema zina popaka mankhwala. M'chaka cha 1991, m'mapiri a Alps pamalire a Italy ndi Austria, mudapezeka mtembo wa munthu amene adafa zaka zoposa 5,000 zapitazo, wosungika m'madzi oundana. Munthuyo, amene adapatsidwa dzina loti Ötzi, adali ndi mphini 61 zodetsedwa ndi mwaye, zambiri mwa izo m'chiuno, m'mawondo ndi mu akakolo, malo amene mafupa ake adali operepeseka. Chatsopano ndi makina okha: Samuel O'Reilly wa ku New York adalembetsa makina amagetsi otemera mphini m'chaka cha 1891.

Chinsinsi cha kukhalitsa kwa mphini chili m'mapangidwe a khungu. Khungu lapamwamba limafundula mosaoneka ndi kuphukanso pafupifupi mwezi uliwonse, kotero inki yongopakidwa pamwamba sichedwa kuchoka. Singano ya wotema imapitirira pamenepo ndi kusiya inki m'khungu lam'kati, pakuya kwa milimita imodzi kapena awiri. Thupi limaona inkiyo ngati mdani, ndipo limatumiza asilikali ake, timaselo tomeza zachilendo. Timaseloti timameza inki koma timalephera kuigaya, choncho timangokhala nayo pomwepo. Akatswiri a ku Marseille, m'dziko la France, adaonetsa m'chaka cha 2018 kuti timaseloti tikafa timataya inkiyo, ndipo tinzake tatsopano timaimezanso.

Apa mpamene pagona nkhani. Chithunzi cha pakhungu sichili ngati cholembedwa pamwala, koma ngati katundu wolandizana kwa moyo wonse. Pa kulandizanako inki ina imasendera pambali, ina imatengedwa kupita kumalo aja amatupa munthu akachita mwanabere, monga m'khwapa. Pakapita zaka, mizere imene idali yakuthwa imafufuma. Zilembo zing'onozing'ono zothithikana zimalumikizana mpaka dzina losawerengeka. Dzuwa nalo limadya mitundu: yachikasu ndi yoyera imafwifwa msanga, pamene yakuda imapirira, ngakhale kuti nayonso imazilala. Mphini za pazala, m'manja ndi kumapazi zimafufutika mwachangu chifukwa cha kukhudzakhudza. Kunenepa, kuonda, pakati ndi makwinya a ukalamba zimakoka chithunzi monga mmene nsalu yamaluwa imapotokera ikatanuka.

Palinso za umoyo. Singano kapena lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo lingathe kufalitsa HIV ndi matenda otupa chiwindi a mtundu wa B ndi C. Anthu akhungu lakuda ndiwo amakonda kutuluka zipsera zotukumuka zimene zimakula kupitirira bala lenilenilo, ndipo aliyense amene adaonapo chotupa chotere pakhutu loboola ayenera kuchenjera kwambiri. Inki nayonso si yonse yabwino: kuyambira mu Januwale 2022, maiko a European Union adaika malire pa mankhwala oposa 4,000 opezeka mu inki yotemera mphini.

Ena amadzitonthoza kuti akadzatopa nazo adzafufuta. Zoona, alipo makina a kuwala kwamphamvu otchedwa laser amene amaphwanya inki kuti thupi liichotse. Koma ntchitoyi imafuna maulendo ambiri otalikirana masabata angapo, imapweteka, ndipo mtengo wake umaposa kutali wa kutemako. Pakhungu lakuda ingathe kusiya banga lotuwa m'malo mwa chithunzi.

Zonsezi sizitanthauza kuti mphini nzoipa. Zotemedwa ndi mmisiri waukhondo, za mizere yokhuthala ndi yotalikirana, pamalo obisika ku dzuwa, zimakalamba mwaulemu. Chofunika nchakuti wofuna kutema adzifunse ngati chithunzicho chidzakhalabe ndi tanthauzo pamene chibwenzi chatha, gulu la anzake labalalika, kapena pamene akukaonekera kwa wolemba ntchito amene sakondwa nazo.

Mphunzitsi wongoopseza sapindula kanthu, pakuti wachinyamata woletsedwa amakatema mobisa kwa mnzake wa singano yosawiritsa. Wothandiza ndi uja amene amafotokoza mmene khungu limagwirira ntchito, nalangiza wophunzira kuti ajambule chithunzicho papepala ndi kuchisunga chaka chathunthu. Akachikondabe chaka chitatha, ndiye kuti mwina nchake. Akachiona ngati chibwana, wataya pepala lokha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.