Kaundula wa Nyumba Zakale za Sukulu

Anzanga amene mumagona m'nyumba ya anyamata ya kumunsi mukukumbukira usiku uja wa mwezi wa Epulo, pamene mvula inayamba chakumadzulo osaleka kufikira tambala woyamba. Tinadzuka pakati pa usiku kukankha mabedi ndi kutchera ndowa, ndipo amene analibe ndowa anatchera mbale zodyera. M'mawa mwake tinapita kukadandaula, koma mphunzitsi wathu wa masamu anatifunsa funso limene linatitseka pakamwa. Anati tinene kuti denga lathu likudontha malo angati, ndiponso ngati likudontha koposa denga la ku laibulale. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa. Tsono ndikufuna kukufotokozerani zimene ndaphunzira kuchokera tsiku limenelo za m'mene anthu osunga nyumba za masukulu aakulu amadziwira nyumba yoyamba kuikonza, pakuti ndalama sizikwanira kukonza zonse nthawi imodzi.

Ife a kuno ku Sanga sitisowa kupita kutali kuti tione nyumba zakale za maphunziro. M'chaka cha 1881 Dr Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia anachoka ku Cape Maclear nadzakhazikika ku Bandawe, pafupi ndi ife pompano, ndipo tchalitchi chakale cha njerwa chimene chili kumeneko chinapitirira kale zaka 100. M'chaka cha 1894 anakwera kumapiri a ku Khondowe, kumene anayambitsa sukulu yotchuka ija ya Overtoun. Nyumba ya miyala imene Laws ankakhalamo, yomangidwa mu 1903, ilipo kufikira lero, ndipo amasungiramo zinthu zakale. Pamene University of Livingstonia inatsegulidwa mu 2003, inayambira pa mishoni pomwepo, pakati pa nyumba zimene anamanga makolo. Chimodzimodzinso Mzuzu University: pamene inalandira ophunzira oyamba mu 1999, inalowa m'nyumba zimene kale zinali za sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Chotero masukulu athu aakulu ambiri ali ngati mwana wolandira bwato la atate ake. Bwatolo n'labwino, koma liyenera kumatidwa.

Chinthu choyamba chimene osunga nyumba anzeru amachita ndicho kulemba kaundula. Nyumba iliyonse imakhala ndi tsamba lakelake. Pa tsambapo amalemba chaka chimene inamangidwa, ukulu wake, ndi zimene anamangira: kaya njerwa zootcha kapena zosaotcha, kaya denga ndi la malata kapena la mapale. Atatero amayendera nyumbayo chigawo ndi chigawo, kuyambira ku maziko, makoma, mapaso, denga, zitseko, mawaya a magetsi, mipope ya madzi, kufikira ngalande za kunja, ndipo chigawo chilichonse amachipatsa malikisi monga atichitira aphunzitsi pa mayeso. Kawirikawiri malikisiwo amayambira pa 1 kulekeza pa 5. Kuyenderaku sikuchitika kamodzi kokha ayi, koma chaka ndi chaka pa nyengo yomweyo, kuti poyerekeza tsamba la chaka chino ndi la chaka chatha munthu aone chimene chikuonongeka msanga.

Kwathu kuno nyengo yabwino yoyendera denga ndiyo ya mvula. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa madera olandira mvula yochuluka m'dziko muno, ndipo m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene anzathu a kumwera ayamba kuganiza zokolola, ife timakhala tikadanyowa. Munthu akaima m'kati mwa nyumba mvula ikugwa, ali ndi choko m'manja, angathe kulemba chizindikiro pansi paliponse pamene pagwa dontho. Akadikira mwezi wa Okutobala sadzaona kanthu, pakuti kabowo ka msomali sikaoneka dzuwa likamawala.

Ming'alu ya m'makoma ili ndi njira yakeyake. Si mng'alu uliwonse umene uli woopsa, ina inachitika kalekale nyumba itangomangidwa ndipo inaima pomwepo. Kuti mmisiri adziwe woopsa, amalemba kamzere ka pensulo pamene mng'alu wathera, naikapo tsiku, nayesanso kukula kwa kamwa lake ndi lula. Pakapita miyezi itatu amabweranso. Ngati mng'alu wadutsa kamzere kaja, ndiye kuti khoma likuyenda, mwina chifukwa madzi akufukula maziko kapena mizu ya mtengo ikukankha. Tisaiwale kuti nyanja yathuyi ili m'chigwa chimene nthaka yake imagwedezeka nthawi zina. Zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri ndi kuononga masukulu, ndipo khoma limene linali long'aluka kale silichedwa kugwa pa tsiku lotere.

Tsono pakudza masamu, ndipo ndi osavuta konse. M'chaka cha 1991 akuluakulu oyang'anira chuma cha makoleji ku America anafalitsa njira iyi: munthu awerengere ndalama zofunika kukonza zonse zoonongeka pa nyumba imodzi, nazigawe ndi ndalama zimene zingafunike kumanga nyumba yatsopano yofanana nayo. Yankho likakhala lochepera 5 pa 100, nyumbayo ili bwino. Likakhala pakati pa 5 ndi 10, yayamba kudwala. Likapitirira 10, yafika poipa. Tiyerekeze kuti kumanga nyumba yogona yatsopano kungadye K200 miliyoni, ndipo kukonza imene tili nayo kufuna K30 miliyoni. Yankho ndi 15 pa 100. Tiyerekezenso kuti labotale ingamangidwe ndi K300 miliyoni, koma zokonza zake n'za K12 miliyoni zokha. Yankho ndi 4 pa 100. Taonani, tsopano a komiti ya sukulu ali ndi poyambira kukambirana, osati kungomvera amene wafuula koposa anzake.

Komatu nambalayi payokha ingathe kunamiza munthu. Bwanji ngati K12 miliyoni ya ku labotale ija ili ya mawaya a magetsi amene makoswe anadya? Pamenepo labotale iyenera kutsogola, ngakhale masamu akuti ili bwino. Chifukwa chake osunga nyumba amaika ntchito m'ndondomeko yachiwiri. Choyamba ndi chimene chingaphe kapena kuvulaza munthu, monga mawaya, khoma lopendekeka, kapena chimbudzi chimene nthaka yake yayamba kutitimira. Moto sutenga nthawi. M'mwezi wa Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa usiku umodzi, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Kuchokera pamenepo aliyense wolemba kaundula ayenera kufunsa ngati nyumba ili ndi chozimira moto ndi khomo lachiwiri lothawira.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndichedwepo pang'ono, pakuti ndi mdani wamkulu wa nyumba za kunyanja. Masamba a mango akaunjikana pa malata amasunga chinyezi, ndipo pansi pake pamayamba dzimbiri. Dzimbiri limaboola lata. Madzi olowa pa bowolo amanyowetsa phaso, phaso lonyowa limaola ndi kuitana chiswe, ndipo chiswe chimadya m'kati mwa thabwa n'kusiya kunja kukuoneka kwabwinobwino. Tsiku lina mwera ukaomba mwamphamvu denga lonse limanyamuka, anthu n'kumati mphepo yachita zoipa, chonsecho ntchitoyo inayamba zaka zisanu zapitazo ndi masamba amene mwana mmodzi akanatha kusesa. Mtengo wa lata limodzi ndi misomali yake tonse tingauganizire, koma denga lathunthu limafuna kulemba makalata opempha thandizo kwa chaka chonse. Utoto umadza pambuyo pa zonsezi. Ndikudziwa kuti kukamabwera alendo timathamangira kupaka laimu makoma ndi miyala ya m'mbali mwa msewu, ndipo ine sindinena kuti n'koipa, koma khoma lopakidwa bwino pansi pa denga lodontha limadetsedwanso mvula yoyamba.

Mwina wina adzafunsa kuti ndalama zake zikhale zingati. M'chaka cha 1990 bungwe la akatswiri la National Research Council ku America linalangiza kuti eni nyumba za boma aziika padera chaka chilichonse ndalama zokwana 2 kufikira 4 pa 100 ya mtengo womangira nyumbazo mwatsopano. Pa nyumba yathu yoyerekeza ija ya K200 miliyoni, ndiye kuti K4 miliyoni kufikira K8 miliyoni pa chaka. Ndi masukulu ochepa amene angakwanitse zimenezi, ngakhale ku America komweko makoleji ambiri amatsalira. Koma chaka chimene ndalamayo sinaperekedwe, ntchito yake sichoka, imangodikira ndi kukula.

Nyumba zakale kwambiri zimafuna kusamala kwina. Amisiri akale ambiri ankamangira njerwa ndi dothi kapena laimu, zimene zimalola khoma kutulutsa chinyezi. Munthu akamata khoma lotere ndi simenti yolimba, madzi amatsekeredwa m'kati ndipo njerwa zofewa zija zimayamba kufumbutuka. Palinso madenga ndi masiling'i ena akale a asibesitosi, amene fumbi lake limaononga mapapo munthu akamawadula kapena kuwaswa. Zonsezi ziyenera kulembedwa pa tsamba la nyumbayo, kuti mmisiri wobwera mawa asayambe ndi nyundo asanawerenge.

Makoleji aakulu a masiku ano amasunga kaundulayu mu kompyuta, pamodzi ndi zithunzi ndi mapu, ndipo ena amaulutsa tindege topanda munthu kuti tijambule madenga. Zimenezi n'zothandiza, koma kope la masamba 80 lingathe kugwira ntchito yomweyo pa sukulu ngati yathu. Chofunika n'chakuti zilembedwe. Pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi mkulu wina wokalamba amene amadziwa pamene mpope unadutsa pansi pa nthaka ndi chaka chimene denga lakuti linasinthidwa, koma iye akapuma ntchito n'kupita kumudzi, zonsezo zimapita naye.

Ife a Fomu 3 tinayamba kope lathu teremu yatha. Tinajambula nyumba zonse za pa sukulu, tinazipatsa manambala, ndipo tinalemba pensulo pa ming'alu iwiri ya kuseri kwa holo. Umodzi sunasunthe, koma winawo wadutsa kamzere kathu ndi chala chimodzi, ndipo tinakauza aphunzitsi aakulu, amene anaitana mmisiri kudzaona ngalande ya pamenepo. Madenga tidzawayendera mvula ikayamba. Amene afuna kutithandiza abwere ndi choko, lula ndi tochi, ndipo asaope mileme ya mu siling'i.